KUSEKA WOFUNSA AMENE SAMVA YANKHO

Wolemba Mtola Nkhani Wathu ku Kitwe

PA wailesi ya kanema pali mtundu wina wa masewero oseketsa umene ndifuna kuti tikambirane, inu awerengi, pakuti ngakhale uoneka ngati cibwana, uli ndi phunziro kwa ife tonse amene timakhala pansi madzulo kumvetsera akuluakulu alikufunsidwa mafunso. M'masewero amenewa munthu wanthabwala amavala jekete ndi tayi, nakhala pa mpando wa mwini pulogalamu ya macezo, naitana alendo monga acitira eni ake a nchitoyo. Koma zonse zimene acita zimapotoka. Amaiwala dzina la mlendo, amamdula mau pakamwa, amayamba kusimba za galimoto yake pamene mlendo ali kufotokoza za matenda a mwana, ndipo nthawi ikatha oonerera sanamve ciri conse koma mbiri ya wofunsayo.

Anthu amaseka mpaka kugwa misozi. Inenso ndimaseka nawo, koma popeza nchito imene ndidyera ndi yofunsa anthu mafunso, kuseka kwanga kumatsagana ndi maganizo. Ndaona kuti cimene tiseka mwa munthu wotere ndi cakuti anaitana yekha mlendo, koma safuna kumumva. Jekete yothina, thukuta la pamphumi ndi mapepala ogwera pansi zimangokometsa seweroli. Nthabwala yeniyeni yagona pa ugonthi wa mwini nyumba.

Ife a ku Kitwe tiri nako kolankhulira pa nkhani za kanema, pakuti m'dziko lino kanema anayambira kuno kwathu m'caka ca 1961, dziko likali kuchedwa Northern Rhodesia. Kampani imene inabweretsa kanemayo inali kuyang'ana makamaka azungu a pa migodi, amene anali nazo ndalama zogulira mabokosi okwera mtengowo. Ambiri a iwo anali kukhala m'nyumba za mayadi akulu monga za kuno ku Nkana East kumene ine ndikhala, pamene anthu akuda a ku Wusakile, Chamboli ndi Mindolo anali kudalira wailesi ya mau okha. Ku Lusaka kanema anafika pambuyo pake, ndipo boma litatenga nchitoyi linaiika m'manja mwa Zambia Broadcasting Services, imene lamulo la 1987 linaisandutsa ZNBC.

Ine ndinakula m'zaka za m'ma 1990, pamene m'nyumba zambiri munali kuoneka nyumba imodzi yokha ya kanema. Tinali kuona Kwacha Good Morning Zambia m'mawa, ndi mapulogalamu a mafunso monga Frank Talk ya Bambo Frank Mutubila ndi Sunday Interview. Radio Phoenix itatsegulidwa mu 1996 inachuka ndi Let the People Talk, pamene munthu wamba anayamba kuimba foni ndi kudzifunsira yekha. Atate anga, amene anabwera ku Migodi kucokera ku Katete ali mnyamata, sanali kulola phokoso m'nyumba nduna ikakhala pa kanema. Pulogalamu ikatha anali ndi ziweruzo ziwiri zokha. Nthawi zina anali kunena kuti, "Uyu wafunsa." Nthawi zina anali kupukusa mutu nati, "Uyu wangomuyalira mphasa."

MALONJE

Mau a atatewo ndinawamvetsa bwino nditapita kumudzi ndi kuona mmene Acewa amalandirira mlendo. Munthu akafika pakhomo amamlandira katundu, amampatsa pokhala, amamlonjera, ndipo akapuma pang'ono amamfunsa malonje. Pamenepo mlendo amasimba mmene anasiyira kwao, za odwala, za mvula, za m'njira, ndi cimene wadzera. Mwini nyumba amakhala cete, nangovomera ndi mau ang'ono kuonetsa kuti ali kutsata. Mlendo akatha, mwini nyumba amabwereza nkhaniyo kwa ena amene ali pomwepo, ndipo apa ndi pamene pamaonekera ngati anali kumva kapena anali kuganiza za nkhuku zake. Ukabwereza mopotoza malonje a mlendo wako, manyazi amagwira banja lonse.

Pulogalamu ya macezo pa kanema ndi malonje a masiku ano. Wofunsa ndiye mwini nyumba, ife oonerera ndife abale amene tidikira kuti atitulire nkhani. Mphasa iyenera kuyalidwa ndithu, pakuti ulemu ndi mwambo wathu, koma mphasa imayalidwa kuti nkhani ituluke. Munthu wa m'mudzi amene sanaonepo nyumba youlutsira mau akhoza kuzindikira msanga wofunsa wolephera, cifukwa mwambo umene waswa ndi womwe uja anauphunzira pa khonde la agogo ake. N'cifukwa cake sewero lotonza wofunsa limaseketsa ngakhale munthu amene samva Cingerezi conse cimene cilankhulidwa.

Dziko limene lakometsa kwambiri masewero a mtundu uwu ndi Britain. Kumeneko kuli munthu wongopeka wochedwa Alan Partridge, amene amaseweredwa ndi Bambo Steve Coogan. Partridge anayamba kumveka pa wailesi ya BBC mu 1991 monga wowerenga nkhani za masewera amene sadziwa bwino masewerawo. Mu 1992 anampatsa pulogalamu yakeyake ya macezo pa wailesi, yochedwa Knowing Me, Knowing You with Alan Partridge, ndipo mu 1994 inalowa pa kanema. Alendo ake onse anali anthu a zisudzo odzionetsa ngati olemba mabuku, oimba ndi andale, koma zonse zinakonzedwa mofanana zedi ndi pulogalamu yeniyeni, ndi gulu la oimba pambali ndi anthu oombera m'manja.

Partridge amaonetsa zofooka zonse za wofunsa woipa. Amawerenga funso la pa pepala ngakhale mlendo waliyankha kale. Mlendo akakhala wophunzira kumposa, amamcitira nsanje nayamba kumnyoza. Akakhala wochuka, amamnyengerera mpaka kudzicotsa ulemu. M'cigawo cotsiriza ca 1994 anatenga mfuti yamakedzana imene mlendo anabwera nayo kudzaonetsa, naiomba mwangozi, mlendoyo nafera pomwepo pamaso pa anthu. Mu 1997, m'sewero lina lochedwa I'm Alan Partridge, tinampeza atacotsedwa pa kanema, ali kuulutsa mau usiku anthu ali m'tulo pa kawailesi ka mumzinda wa Norwich, akugona m'hotela ya m'mbali mwa mseu, koma akali kukhulupirira kuti dziko lonse limfuna.

Ku America kunali The Larry Sanders Show, imene inaoneka pa HBO kuyambira 1992 mpaka 1998, ndipo mwini sewero anali malemu Garry Shandling. Iyi inaonjezapo cinthu cina. Inali kutionetsa wofunsa ali kumwetulira pamaso pa kamera, kenaka n'kutilowetsa kuseri kwa nsalu kumene munthu yemweyo ali kunjenjemera ndi mantha kuti mwina anthu aleka kumkonda, kapena kuti eni kampani ali kufuna wina wacinyamata wodzatenga mpando wake. Anthu ochuka enieni anali kubwera monga alendo. Sewerolo linatiphunzitsa kuti wofunsa amene samva nthawi zambiri sali woipa mtima, koma mantha a nchito yake amtseka makutu.

WOPUSA WOCENJERA

Palinso mtundu waciwiri wa masewero amenewa, umene ine ndiukonda koposa. Apa wanthabwala amadzipusitsa dala kuti afunse cimene atola nkhani enieni aopa kufunsa, ndipo alendo ake ndi anthu enieni. Ku Britain komweko malemu Caroline Aherne, ali mtsikana, anali kuvala ngati gogo wa imvi wochedwa Mrs Merton pa BBC kuyambira 1995 mpaka 1998. Gogoyo anali kufunsa mofatsa ndi nkhope ya cifundo, koma mafunso ake anali ndi minga. Anafunsapo mkazi wa munthu wina wolemera wocita zamatsenga pa kanema kuti cinamkopa poyamba n'ciani mwa mwamuna wa cuma cambiriyo. Yankho linali kale m'kati mwa funso, ndipo mlendo sakanatha kukwiyira nkhalamba.

Pafupi ndi kwathu, ku South Africa, Bambo Pieter-Dirk Uys anapeka mai wa Cibunu wodzikuza wochedwa Evita Bezuidenhout, amene m'zaka za tsankho anali kudzicha kazembe wa dziko lake ku kadziko kongopeka ka Bapetikosweti. Kudzera pakamwa pa maiyo, Uys ananena zinthu zokhudza boma la tsankho zimene nyuzipepa sizinali kuloledwa kusindikiza. Mu 1994, tsankho litagwa, Evita anakhala pansi ndi Mtsogoleri Nelson Mandela pa kanema namfunsa mafunso, Mandela naseka, nayankha. Mtsogoleri amene akhoza kukhala pa mpando umodzi ndi wanthabwala wopanda kuopa kuti ulemu wake ucepa, ameneyo anthu amamuonjezera ulemu.

Wina anganene kuti izi ndi za azungu. Ai ndithu, kutonza munthu waudindo pomtsanzira ndi luso lakale pakati pathu. Mu Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga cuma ca Malawi, Mozambique ndi Zambia, muli zilombo monga Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, amene kayendedwe kake kamaseketsa bwalo lonse. Kuno ku Migodi kunali kalela. Katswiri wa za cikhalidwe J. Clyde Mitchell anaonerera guleyu ku Luanshya nalemba buku lake mu 1956. Anapeza ovina ovala mwaukhondo ngati makalaliki, pakati pao pali wina wochedwa mfumu, wina wovala mkanjo woyera wa dokotala, ndi mai wovala ngati namwino, pamene nyimbo zao zinali kutonza mitundu ina ya anthu a m'komboni.

Tirinso naco cimbuya pakati pa ife a kum'mawa ndi Abemba. Pa maliro kuno ku Kitwe mbuya wako akhoza kukupaka ufa kumutu ndi kukuuza zofooka zako zonse pamaso pa anthu, ngakhale uli bwana wa pa mgodi, ndipo iwe ulibe mlandu womuimba. Makolo anadziwa kuti pali coonadi cina cimene sicingalowe pa khomo la kutsogolo, ndipo anacisiyira kakhomo ka nthabwala. Pa kanema wathu tinaona Sauzande m'masewero a Play Circle, tinaona Bikiloni ndi Difikoti, ndi Dorika wa Bambo Bob Nkosha, mwamuna wovala ngati mai. Ndipo ndi mnyamata uti wa ku Migodi amene sanatsanzirepo mau a malemu Dennis Liwewe, amene anatisiya mu 2014, pomenya mpira wa mapepala m'fumbi?

ANA A MU MSEU WATHU

Sewero lokoma koposa la mtundu uwu limene ndaona ndi maso anga linacitika pa bwalo la nyumba ina mu mseu wathu m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Popeza mabokosi a kanema anali cete, ana anayamba kudzipangira okha mapulogalamu. Madzulo ena ndikubwera ku nchito ndinapeza aika mipando iwiri pansi pa mtengo wa mango. Kamtsikana ka zaka ngati khumi kanagwira mthiko m'malo mwa maikolofoni, ndipo mnyamata wina anaika mtsamiro m'kati mwa shati kuti aoneke ngati munthu wolemekezeka. Anali kulankhula Cibemba cosakaniza ndi Cingerezi, monga acitira ana a kuno.

Kamtsikanako kanayamba ndi kuthokoza. Kanathokoza mlendo cifukwa ca kubwera ngakhale ali wotanganidwa, kanachula maudindo ake onse, kanathokozanso mkazi wake ndi woyendetsa galimoto yake. Kenaka kanafunsa kuti, "Olemekezeka, kodi ndi zoona kuti inu mumagwira nchito usana ndi usiku cifukwa ca kutikonda?" Mnyamatayo anasisita mtsamiro wake nati, "Limenelo ndi funso labwino kwambiri." Pamenepo mwana wacitatu, atabisala kuseri kwa dramu la madzi, anapfuula monga woimba foni kuti, "Halo! Halo! Nanga magetsi abwera liti?" Kamtsikanako kanayang'ana kumwamba, kanagogoda mthiko, ndi kunena kuti, "Pepani oonerera, foni yaduka. Tipite ku malonda."

Amai amene anali kusonkha mbaula pafupi anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinaima pa mpanda ndiri kudabwa kuti ana amenewa, amene sanamvepo dzina la Alan Partridge, anaziona kuti zonsezi. Palibe anawaphunzitsa. Anangokhala pa mphasa pafupi ndi makolo ao madzulo ambiri, naona mmene funso lenileni limafera m'njira. Tsono ngati mwana wa giredi 5 aona zimenezi, ife a nchito iyi tisadzinamize kuti akulu sazindikira.

Amene sali m'nchito ya utolankhani mwina sadziwa mmene funso limafera. Kawirikawiri ukapempha kuonana ndi mkulu wa ofesi, mlembi wake amayamba ndi kunena kuti, "Titumizireni mafunso anu tiwaone." Ukafika tsiku lopangana umapeza mayankho alembedwa kale pa pepala, ndipo bwanayo angofuna kukuwerengera. Funso loyamba silimuopsa munthu wotere, pakuti analikonzekera usiku wonse. Limene aopa ndi laciwiri, lija lobadwa kucokera m'yankho lake lomwe. Akati nchito idzayamba posacedwa, funso laciwiri ndi lakuti, mwezi uti? Akati ndalama zinatumizidwa, funso laciwiri ndi lakuti, zingati, ndipo analandira ndani?

Funso laciwiri silingalembedwe pa pepala pasadakhale. Limafuna kuti wofunsa acotse maso pa pepala, aiwale za tayi wake ndi za kamera, amvetsere monga mwini nyumba amvetsera malonje. Limafunanso kulimba mtima kukhala cete kamphindi mlendo atatha kulankhula, cifukwa kawirikawiri mau oona amatuluka pamene munthu afuna kudzaza cete ameneyo. Partridge ndi anzake onse a m'masewero ndi anthu amene alibe funso laciwiri. Ici ndico cilema cimene anthabwala amacikuza kuti ticione bwino, monga dokotala akuza kacirombo ndi galasi.

PAMENE FUNSO LIRI MOYO

Nkhani iyi ikanakhala ya kuseka kokha ndikanaisiyira ana a pansi pa mango. Koma pali masiku ena pamene funso la pa kanema limakhala nkhani ya moyo. Pa 18 February 2025 dziwe losungiramo zonyansa za kampani ina ya migodi ku Chambishi linaphulika, ndipo madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi kutsikira mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali mwa mtsinje inaonongeka, ndipo madzi a m'mipopi anatsekedwa mu Kitwe. M'masiku amenewo nyumba iri yonse inali kuchera khutu ku wailesi ndi ku kanema.

Mai wa ku Nkana East kapena ku Wusakile amene ali ndi khanda kumsana, pa tsiku lotere ali ndi mafunso ocepa ndi olunjika. Kodi madzi awa ndingamwetse mwana? Adzatsegulidwa liti? Nsomba za pa msika wa Chisokone zacokera kuti? Mlimi amene cimanga cake capsa adzamlipira ndani? Maiyo sangalowe m'nyumba youlutsira mau. Amene akhala pa mpando wa wofunsa wabwereka pakamwa pa mai ameneyu, ndipo mphindi iri yonse imene ataya pochula maudindo ndi kuyamika mlendo waiba kwa iye. Akulu anati safunsa anadya phula, koma pa kanema wofunsa akaleka kufunsa, amene adya phula ndi anthu zikwi zambiri amene anamkhulupirira.

Apa ndi pamene ndiona kuti wanthabwala ndi mnzathu pa nchito, ngakhale atitonza. Mtola nkhani sangathe kulemba m'nyuzipepa kuti mnzake wakuti amanyengerera akuluakulu, pakuti anyani sasekana zikundu. Koma wanthabwala akakhala pa mpando, nagwada pamaso pa mlendo wa mimba ya mtsamiro, dziko lonse limazindikira cimene anena popanda kuchula dzina la munthu. Kuyambira tsiku limenelo oonerera amakhala ndi khutu latsopano. Akamva wofunsa weniweni ayamba kuthokoza kosatha, amakumbuka sewero lija naseka, ndipo wofunsa amene adziwa kuti anthu ali kumseka amayamba kukonza nchito yake.

Tiyenera kukumbukira kuti nthabwala zokhudza akuluakulu zakhala ndi mtengo wake m'dziko lino. Mu January 2004 Bambo Roy Clarke, amene anali kulemba nkhani zotonza m'nyuzipepa ya The Post, analamulidwa kucoka m'dziko cifukwa ca nkhani imene inafanizira atsogoleri a nthawi imeneyo ndi nyama za ku Mfuwe. Bwalo lalikulu la milandu linakana lamulo lowathamangitsalo caka comweco, ndipo bwalo lalikulu koposa linagwirizana nalo mu 2008. Gawo 69 la malamulo a milandu, limene linali kulanga munthu wonyoza Mtsogoleri wa dziko ndi ndende ya zaka zofika zitatu, linafafanizidwa mu December 2022. Anthabwala a lero ali ndi bwalo lotakasuka kuposa la akulu ao, ndipo ambiri a iwo safunanso nyumba ya kanema, pakuti foni ya m'manja ndi Facebook zikwanira.

MALIRE AKE

Komabe pali misampha iwiri imene ndifuna kuchula. Woyamba ndi wakuti akuluakulu nawonso ndi ocenjera, ndipo aphunzira kugwiritsa nchito anthabwala. Ku America kunali sewero lochedwa Between Two Ferns, limene Bambo Zach Galifianakis analiyamba mu 2008, mmene wofunsa anali kukhala wamwano ndi wosasamala mlendo. Mu March 2014 Mtsogoleri Barack Obama anapita yekha kukakhala pa mpando umenewo, nalola kutonzedwa, cifukwa anafuna kuuza acinyamata kuti alembetse inshuwalansi ya zaumoyo imene boma lake linakonza. Colinga cinali cabwino, koma citionetsa kuti mpando wa wanthabwala ukhoza kusanduka nsanja ya wandale. Wanthabwala amene alandira envulopu kwa mlendo wake wasanduka yemwe uja anali kumtonza.

Msampha waciwiri ndi wa nkhanza. Kuno kwathu ticedwa kuleka cizolowezi ca kuseka munthu cifukwa wathyola Cingerezi, kapena cifukwa lilime lake lisinthanitsa zilembo monga acitira a mtundu wake, kapena cifukwa ali ndi cibwibwi. Wofunsa amene Cingerezi cake ndi copunduka koma afunsa funso la mai wa khanda uja, ameneyo ndi mmisiri, ndipo ayenera ulemu. Julius Chongo anagwira dziko lonse ndi Poceza m'Madzulo m'Cinyanja cokhacokha. Cimene ciyenera kutonzedwa ndi kudzikuza, kunyengerera ndi kusamva, pakuti izi munthu amazisankha yekha ndipo akhoza kuzileka. Kuseka lilime la munthu kumangoopseza ana a m'komboni amene akanadzakhala ofunsa abwino mawa.

Kwa anyamata ndi atsikana a zisudzo a ku Kitwe ndi ku Ndola, amene ayeserera masewero ao m'maholo a machalichi, m'masukulu ndi ku Kitwe Little Theatre, ndinena kuti mpando wa wofunsa ndi munda wa conde umene uli pafupi ndi inu. Simufuna ndalama zambiri. Mipando iwiri, tebulo, duwa la pulasitiki ndi jekete yobwereka zikwanira. Cimene cifunika ndi kupenyetsetsa. Onani mmene wofunsa amagwedezera mutu pamene maganizo ake ali kwina, mmene amayang'anira wochi mlendo akafika pa mfundo yeniyeni, mmene mau ake amafewera pamaso pa nduna ndi kuuma pamaso pa mai wogulitsa tomato. Mukazitsanzira bwino zimenezi simudzafunika kutukwana munthu ali yense.

Kwa anzanga a nchito, a pa kanema, a pa wailesi ndi ife a m'nyuzipepa, ndinena kuti tikadziona m'sewero lotere tisathamangire kukwiya. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mutubila ndi anzake a mbadwo wao anakhala pa mipando imeneyi zaka makumi ambiri, ena a iwo kuyambira m'nthawi ya cipani cimodzi imene inatha mu 1991, pamene funso lolunjika linali kufuna mtima wolimba kuposa lero. Ife amene tapeza njira yolambulidwa tiribe cifukwa cobwerera ndi mafunso m'thumba.

Ndipo kwa inu awerengi, amene ndinu eni ake a mapulogalamu onsewa pakuti ndinu mumalipira msonkho wa kanema ndi kugula katundu wolengezedwa pa malonda, pempho langa ndi lakuti madzulo ano mukakhala pansi kumvetsera mkulu wina alikufunsidwa, muwerenge mafunso aciwiri. Mukawapeza, muuzeni wofunsayo kuti wagwira nchito, pakuti nayenso ndi munthu wofuna kulimbikitsidwa. Mukapanda kuwapeza, imbani foni, lembani kalata ku nyuzipepa ino, ndipo funso limene iye walisiya mulifunse ndinu.